Chilimwe Chimene Kapinga wa Amayi Adapsa

Keni yathu yothirira inkadontha pansi pa chogwirira, ndipo kukamwa kwake kudalibe kasefa kaja komwaza madzi. Kadatayika kalekale kudimba kwa amalume. M'malo mwake amayi adamangirirapo kachitini kobooledwa ndi msomali, nakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, moti madzi ankatuluka mwaufulu wawo, ena kutsogolo, ena kumapazi kwa wothirirayo. Ndikatseka maso lero, ndisanaone nkhope ya munthu aliyense wa chaka chimenecho, ndimayamba ndamva kuzizira kwa madzi aja pakati pa zala za kumapazi. Kenako pamabwera fungo la dothi lotentha likamamwa, kenako msana wa amayi atawerama.

Kwathu ndi ku Biriwiri, kumapiri kuja kumene msewu wa phula ndiwo malire: ukangowoloka kukagula sopo, wafika ku Mozambique. Kumeneko anthu amalima kabichi, mbatatesi ndi chimanga, ndipo pabwalo pa nyumba amasesa. Pakhomo pa mkazi wodzilemekeza pamakhala dothi lokhalokha. Udzu ukamera pabwalo ndiye kuti mwini wake ndi waulesi, apo ayi akudwala. Tsono amayi anga, mkazi amene ankasesa nkhuku zisanatuluke m'khola, tsiku lina adatenga khasu, natipula bwalo lawo lonse, n'kudzalapo udzu dala.

Chidayambitsa ndi chithunzi. Abambo adali ku Joni. Adapita ine ndisanayambe sukulu, ndipo kumeneko ankasamalira pabwalo pa nyumba ya bwana wina. Chaka ndi chaka ankati abwera pa Khirisimasi, chaka ndi chaka kunkabwera katundu yekha: mabulangete, mapoto, ndi nsapato zanga zomwe zinkafika zili zondithina kale. Ulendo wina mkati mwa bulangete mudapezeka chithunzi. Abambo adaima pa kapinga wobiriwira ngati wopaka penti, wosalala, wopanda ngakhale tsamba limodzi logwerapo, kumbuyo kwawo kampopi kakumwaza madzi m'mwamba. Ankamwetulira. Amayi sadakhalitse pa nkhope ya amuna awo. Maso awo adali pansi, pamene abambo adapondapo.

"Zikuwagwira kumeneko ndi zimenezi," adatero, osati kwa ine kwenikweni. "Akadzazipeza pakhomo pawo, sadzabwereranso."

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti mwamuna si mbuzi yoti n'kuikola ndi udzu. Koma sindiwaseka amayi. Mkazi amene wadikira zaka zambiri amagwira chomwe manja ake akuchidziwa, ndipo manja a amayi ankadziwa kudzala. Chaka chomwecho abambo adaimba pa foni ya amalume kunena kuti ulendo uno abweradi, tchuthi apatsidwa. Kuyambira tsiku limenelo kapinga adakhala ntchito yaikulu kuposa zonse pakhomo pathu. Ine ndidakhulupirira ndi mtima wonse kuti akangobiriwira, ndikhala ndi bambo pakhomo monga anzanga.

Mbewu yake tidakapempha kusukulu. Aphunzitsi anga, mayi wamtali woyankhula pang'onopang'ono, adatilola kuzula kapinga woyanga m'mphepete mwa bwalo la mpira. Tidadzala mvula ili pafupi kutha, n'kutchinga ndi mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi. Amayi a pamudzi ankaima pampandapo ndowa zili pamutu. "Mwayamba kuweta njoka kodi?" ankatero. Ena ankati, "Mbuzi zathu zati tikuthokozereni." Amayi ankangomwetulira. Nyengo yachisanu nkhungu inkatsika m'mapiri n'kugona pabwalo pathu mpaka dzuwa litakwera, ndipo pansi pa nkhunguyo kapinga ankayanga mwakachetechete, uyu kukagwira mnzake, mpaka dothi lidabisika. Koma chilimwe chitalowa adayamba kutuwa, kenako adachita chikasu.

Apa m'pamene adalowererapo amalume. Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Adali munthu wa kabichi, wamawu aakulu, wamtima wabwino mpaka kuopsa. Kwa iwo padalibe nthenda imene feteleza sangachize. Akadaloledwa, bwenzi atathira ndi m'phala la ana momwe. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi adapita kumaliro ku Tsangano kwa masiku angapo. Amalume adabwera masana, naima pampanda manja ali m'chiuno, akupukusa mutu.

"Udzu ndi chimanga n'pachibale, mphwanga," adandiuza. "Chimanga chikachita chikasu timatani?"

Adapita kwawo nabwera ndi kathumba ka feteleza wobereketsa wotsala kudimba, uja woyera ngati shuga. Sadayeze. Ankangotapa kudzaza dzanja n'kuwaza, kutapa n'kuwaza, akuimba nyimbo ya ngoma chapansipansi, mapazi akuponda motsatira. Kunena zoona, zidali zokongola. Timibulu tija tinkanyezimira m'mwamba tisanagwe, ndipo ine ndinkaomba m'manja. Madzi sadathire. Adati mame a m'mawa asungunula okha, ndipo amayi pobwera adzayesa asochera khomo.

Mame adasungunuladi, koma pang'ono chabe, mongokwanira kuti feteleza amatirire pamasamba. M'mawa mwake pabwalo padali fungo loluma m'mphuno, la kukhola la mbuzi. Nsonga za udzu zidapiringizika. Dzuwa lidamaliza ntchito yotsala. Pofika tsiku lobwera amayi, kapinga adali atapsa m'mizere yokhota ngati mauta, uliwonse kusonyeza mmene mkono wa amalume udayendera. Ukaponda ankalira ngati mapesi.

Amayi adafika katundu ali pamutu, ndipo sadatule. Adaima pampanda nthawi yaitali. Ndidachita mantha kwambiri, osati kuopa kukwapulidwa, koma chifukwa Khirisimasi idali m'njira ndipo abambo akadzapeza zoterezi adzangotembenuka. Amalume adabwera okha osaitanidwa, chipewa chili m'manja, munthu wamkulu uja atachepa.

"Ndimati ndikuthandizeni, alongo," adatero. "Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, achimwene," adayankha amayi. "Njinga yanu ili bwino?"

Sadawakalipirenso. Adatula katundu, nagwada, nazula kamtsitsi kamodzi pakati pa malo opsa. Adakakanda ndi chikhadabo, nandiitana kuti ndione. Kunja kadali kouma gwa, koma pamfundo mkati mudali moyera, monyowa. "Lapsa ndi tsitsi lokha," adatero, "mutu ulipo." Adayenda ndi mawondo pabwalo ponse akukanda, ndipo pomwe apeza mkati mouma ankazikapo kamtengo.

Madzi sitidayambe nawo. Choyamba adatenga tsache nasesa timibulu tonse tomwe tidali tisanasungunuke, kuti tisalowe pansi n'kukawonjezera moto. Kenako adasongola mtengo, ndipo tidabaya timaenje pabwalo ponse, chifukwa dothi la chilimwe limakana madzi, limangowatsetseretsa. Titatha apo m'pamene adati, "Ndiwo zikachuluka mchere sutaya mphika. Umathira madzi." Sikudali kuwaza kwa masiku onse ayi. Kudali kumiza: kuthira mpaka dothi litakhuta, kudikira alowe, kuthiranso, kuti ukali wa feteleza utsike pansi kupitirira mizu.

Koma madzi a mu Okutobala ali ndi eni ake. Titabwerezabwereza kumjigo tsiku limodzi, mayi wina adayankhula poyera kuti madzi akumwa anthu sangathere udzu, ndipo adanena zoona. Amayi sadatsutse. Ndiye mlandu udagwera chitsime cha kudimba kwa amalume, kumunsi kudambo. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse amalume ankakwera chitunda akukankha njinga yodzaza zigubu, thukuta likutsikira m'ndevu, kabichi wawo akulandira zotsala. Sadadandaule. Pakhomo padalibenso dontho lotayika. Madzi otsukira mpunga, otsukira mbatatesi, onse ankapita pakapinga, kupatula a sopo.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati tsiku limodzi lalitali lomwe silinkafuna kutha. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuzolowera n'kumayesa ndiye bata limenelo. Kumapiri a ku Mozambique utsi wa lupsa unkakwera mowongoka, ndipo madzulo dzuwa linkalowa mu utsiwo lili psuu, loti ungaliyang'ane osatsinzina. Kamvuluvulu ankadutsa pamsewu atanyamula majumbo ong'ambika ndi makoko a chimanga. Ine ndinkayenda ndi keni uku ndi uku, dilesi itanyowa kumunsi, mapewa atachita dzanzi. Nthawi zina ndinkaona ngati ndikuthirira chithunzi chija, kuti ndikalimbikira abambo amera pakati pa bwalo, atavala ovolosi yawo ya buluu, akumwetulira.

Amalume, pofuna kufulumizitsa chikhululuko, tsiku lina adabwera kuchokera kusitolo ndi maganizo atsopano. Ati kuli feteleza wina, wokulitsa, amene amadzutsa mizu. Amayi adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wapsa ndi phala, inu mukuti timupatse lina lotentha?" Nkhani idathera pomwepo. M'malo mwake adawatuma manyowa akalekale a kukhola, aja oti asanduka dothi ndipo sanunkhanso, ndi mchenga wa kumtsinje. Tidasefa manyowawo, n'kusakaniza ndi mchenga, n'kuwaza mopyapyala moti nsonga za udzu zinkaonekabe. Udzu wakufa tidaupalasa ndi zala. Pomwe padali timitengo paja tidapala dothi lapamwamba n'kukataya kutali, n'kuthirapo lina, ndipo aphunzitsi adatipatsanso kapinga wa kusukulu kuti tiike zigamba. Pamwamba amayi adayala udzu wouma, monga amachitira ndi nazale ya kabichi, kuti dzuwa lisaone.

"Tsopano tichite chiyani?" ndidafunsa.

"Tidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sabata yomweyo aphunzitsi adandipeza ndikusinza m'kalasi, zikhato zili ndi matuza. Sadandimenye. Madzulo ake adadutsira kwathu, naima pampanda, nayang'ana bwalo, nayang'ana amayi. "Udzu udzuka, mayi," adatero, "koma mwanayu muzimusiya agoneko." Ndikuganiza kuti pamudzi ponse iwo okha ndiwo adamvetsa chomwe chinkathiriridwa pamenepo, chifukwa sadaseke ndipo sadafunse.

Kudikira kudandivuta kuposa kusenza madzi. Ndikaweruka kusukulu ndinkagona chafufumimba m'mphepete, kutukula udzu wouma uja, n'kusuzumira. Pansi pake padali dziko lina: nyerere zikusenza mazira, kakangaude kakuthawa kuwala, kachinyezi konunkhira bowa. Kobiriwira koyamba ndidakapeza pafupi ndi khonde, pomwe ndinkatula keni popumula, pomwe kudontha kwake kunkagwera tsiku ndi tsiku. Tidali tinsonga tating'ono ngati singano, tanthete moti kuwala kunkapyola. Ndidathamangira amayi kumunda ndili wefuwefu. Adabwera khasu lili paphewa, nagwada, nayang'ana. Madzulo ake ndidawamva akuimba potsuka mbale.

Kenako mitambo idayamba kuunjikana cha kuchigwa cha Bwanje, tsiku lililonse kusendera pang'ono. Chizimalupsa chidagwa masana ena, madontho akuluakulu ofunda, ndipo amayi, amalume ndi ine tidaima pakhonde kuonerera mvula ikugwira ntchito yathu. Tidachotsa udzu wouma uja. Chikwakwa amayi adachiletsa kufika pamenepo mpaka mizu itagwira. Mizere yopsa ija idayamba kufufutika kuchokera m'mbali. Chodabwitsa n'chakuti pomwe padapsa pang'ono chabe m'pomwe padadzabiriwira kwambiri, mpaka kuoneka moderako, ndipo amalume atazindikira zimenezi chifuwa chidabwerera m'malo mwake. "Nanga si ndidanena?" ankauza aliyense wodutsa. Amayi adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Padangotsala kabala kamodzi pafupi ndi chipata, pomwe kathumba ka feteleza kadatayikira, kakakulu ngati lichero. Kameneko kadakana zonse.

Abambo adatsika minibasi pamsewu masana, Khirisimasi itatsala pang'ono. Adali owonda kuposa a pachithunzi, ndipo zikhato zawo zidandikanda pamene adandigwira kumaso. Tidakwera nawo chitunda, amalume atanyamula zikwama, ana a pamudzi akutitsata. Amayi adali atavala chitenje chatsopano. Adatsegula chipata naima pambali kuti amuna awo adutse pakati pa bwalo, ndipo ndidaona kuti akupuma mosamala ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

Abambo adaima. Adayang'ana kapinga kuyambira pachipata mpaka pakhonde, ndipo kumwetulira komwe adatsika nako minibasi kudazimirira pang'onopang'ono. Kenako adalambalala. Adadutsa m'mphepete mwa mpanda, pakanjira kopapatiza ka dothi, minga ikukola buluku lawo, mpaka adafika pakhonde osaponda ndi tsamba limodzi lomwe. Ine, pofuna kuwaonetsa kufewa kwake, ndidathamangira pakati n'kudzigwetsa chagada.

"Choka pamenepo iwe, bwana angakuone," adatero abambo msangamsanga, chapansipansi.

Ndidadzuka n'kuyang'ana uku ndi uku. Padalibe wina koma ife tomwe. Abambo nawonso adayang'ana, ngati munthu wodzidzimuka kutulo, kenako adaseka pang'ono n'kulowa m'nyumba.

Amayi adayala mkeka pakapinga madzulo amenewo, koma abambo adakhala pakhonde. M'mawa mwake ndidadzutsidwa ndi kulira kwa chikwakwa. Ndidawapeza atamweta kale mbali yaikulu, ndipo atamaliza adamanga chingwe pa zikhomo, nagwada, n'kumadula m'mphepete ndi mpeni kuti muwongoke. Tsiku lotsatira adazula tiudzu tachilendo kamodzikamodzi. Linzake adamwetanso. Palibe adawatuma. Ankagwira mwaluso, mosayankhula, nkhope ilibe kanthu, ndipo kapinga wathu adafika pofanana ndendende ndi wa pachithunzi. Anthu ankapatuka m'njira kudzaona, ndi aja a njoka omwe. "Mwalimbikira, mayi," abambo adawauza amayi tsiku lina akupukuta mpeni. "Koma kapinga salola munthu kupuma."

Masana abambo ankasowa. Tsiku lina ndidawafunafuna n'kuwapeza kuseri kwa khitchini, pomwe nkhuku zimasamba fumbi. Adali atavula nsapato, atatsamira khoma, mapazi atawakwirira m'dothi lofunda mpaka m'akakolo, ali m'tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa. Nkhuku ina idali itagona pambali pawo. Nditatembenuka ndidaona amayi ataima pakona ya nyumba, pamalo pomwe ankatha kuona mbali zonse ziwiri, bwalo lobiriwira lopanda munthu ndi amuna awo ali m'fumbi. Kenako adandikodola kuti ndisawadzutse.

Abambo adabwerera ku Joni chaka chatsopano chitangolowa. Adati bwana akudikira, ndipo mvula ikamagwa chonchi udzu wa kumeneko sudikira munthu. Ndidalira mpaka mawu kutha. Amayi adawaperekeza kumsewu, nabwerako maso ali ouma, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindidawaonenso atagwada pakapinga.

Ine ndidali ndi yankho langa. Ndidadziwa kuti abambo adaona kabala kaja ka pachipata. N'chifukwa chake adaima, n'chifukwa chake adalambalala. Tikadangokwanitsa kameneko, bwenzi atakhala. Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkatunga madzi m'kapu n'kukathira pamenepo, ngakhale mvula itavumba chotani, mpaka padasanduka matope. Amayi adandipeza tsiku lina ndikutero. Adandilanda kapuyo mofatsa, nandipukuta manja ndi chitenje chawo.

"Siya, mwanangu," adatero. "Si pamenepo."

Ndidawafunsa kuti nanga ndi pati, ndikathirepo. Adalowa m'nyumba ndi kapuyo, ndipo ine ndidayang'ana bwalo lonse, lobiriwira kuyambira kumpanda mpaka kukhonde, osaona malo ena opsa.